Kusintha kalasi mu AD&D yakale: werengerani musanaike lupanga pansi

Pa tebulo lililonse limene lasewera AD&D (Advanced Dungeons & Dragons, sewero la patebulo la madayisi limene aliyense amayendetsa munthu wake m'nkhani) kwa miyezi ingapo pamapezeka munthu wotopa nalo lupanga. Wankhondo wake wafika levulo 6 kapena 7, ntchito yake ndi yomweyomweyo Loweruka lililonse, kuponya d20 (dayisi ya mbali 20) n'kuwerenga mabala, pamene wamatsenga uja ankabisala kumbuyo kwake wayamba kupsereza chipinda chonse ndi tsenga la Fireball. Funso limatuluka anthu akulongedza madayisi kuthamangira kombi ya ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa: “Achimwene, kodi munthu wangayu sangasinthe?” Akunena za kusintha kalasi, ndiye kuti ntchito ya munthuyo m'sewero, monga unkhondo kapena matsenga. DM (woyendetsa sewero) woyankha ali chiimire pakhomo amadziikira yekha mlandu, chifukwa lamulo lake ndi lalifupi koma zotsatira zake zimatenga chaka.

Anthu amaopa kutaya XP (mapointi okwerera levulo), koma XP imabwerera msanga. Chimene chimawawa ndi kuchuluka kwa masiku osewera amene munthu wanu akhale wopanda mano, ndiye levulo yosinthira muisankhe kalendala ili m'manja.

Yambani mwadziwa buku limene lili patebulo

Mabuku akale sanena chimodzimodzi, ndipo mikangano yambiri imayamba chifukwa wina akukumbukira buku ili, mnzake buku lina. D&D yoyambirira ya 1974, ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, imalola munthu kusintha ngati ali ndi 16 kapena kuposa pa mphamvu yaikulu (nambala ya papepala, monga Strength kapena Intelligence, imene kalasi imadalira) ya kalasi imene akupitako, koma imakaniza wamatsenga kukhala wansembe ndi wansembe kukhala wamatsenga. Elf wa m'buku limenelo amasankha kukhala wankhondo kapena wamatsenga ulendo uliwonse usanayambe, osati pakati pa ulendo, ndipo sapitirira levulo 4 ya unkhondo ndi levulo 8 ya matsenga. Basic ya Tom Moldvay ya 1981 ilibe lamulo losinthira n'komwe, poti elf, dwarf ndi halfling ndi makalasi paokha. Mu mabokosi a Frank Mentzer, amene anayamba kutuluka mu 1983 n'kudzasonkhanitsidwa mu Rules Cyclopedia ya 1991, khomo limatseguka pa levulo 9 pokha: wansembe wa Neutral (wosakondera mbali) angakhale druid, wankhondo angakhale paladin, knight kapena avenger.

Zimene tikufotokoza pano ndi za AD&D, Players Handbook ya Gygax ya 1978 ndi ya David Cook ya 1989, zonse zotulutsidwa ndi kampani ya TSR. Manambala ambiri tawatenga m'buku la 1989. Pamene la 1978 likusiyana tinena.

Musasokoneze zinthu ziwiri. Multi-class ndi ya elf, half-elf, dwarf ndi anzawo: amayamba ndi makalasi awiri kapena atatu tsiku loyamba, XP imagawidwa mofanana, ndipo sasintha. Dual-class ndi ya anthu enieni okha, ndipo ndi kusiya ntchito ina n'kuyamba ina, osabwereranso. Ngati papepala palembedwa half-elf, nkhani yathera pomwepo, kupatula njira ya bard imene tiikhudze kumapeto. Amene anaphunzira pa mabuku a 2000 kupita m'tsogolo, kumene munthu amangotenga levulo ya kalasi iliyonse imene wafuna, aiwale zonsezo.

Manambala awiri: 15 ndi 17

Pafunika 15 kapena kuposa pa mphamvu yaikulu ya kalasi imene mukuisiya, ndi 17 kapena kuposa pa ya kalasi imene mukulowa. Wankhondo wopita ku matsenga afunika Strength 15 ndi Intelligence 17. Mbala yopita ku unsembe ifunika Dexterity 15 ndi Wisdom 17. Makalasi okhala ndi mphamvu zazikulu zingapo amafuna nambalayo pa zonse, choncho wofuna kulowa ranger m'buku la 1989 ayenera kukhala ndi 17 pa Strength, Dexterity ndi Wisdom, chinthu chosaoneka kawirikawiri. Buku la 1989 limafunanso kuti mukhale mutafika levulo 2 musanasinthe, ndipo alignment yanu (mbali imene munthu wanu amaima pa zabwino, zoipa ndi malamulo) iyenera kukhala yololedwa ku kalasi yatsopanoyo.

Manambala amenewa ndi ovuta kuposa mmene amaonekera. Poponya 3d6 (madayisi atatu a mbali 6), njira 4 zokha pa 216 zimapereka 17 kapena 18, ndipo njira 20 pa 216 zimapereka 15 kupita m'mwamba. Ngati tebulo lanu limaponya 3d6 motsatana osasuntha manambala, munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 580 ndiye amabadwa woyenera kuchoka ku unkhondo kupita ku matsenga. Mukamaponya 4d6, kutaya dayisi yotsika n'kuika manambala pamene mukufuna, mmodzi pa asanu amapeza 17 ndi 15 wina. Tanthauzo lake n'lakuti kusintha kumakonzedwa tsiku lopanga munthu. Wopeza 17 ndi 15 amene akuganiza zodzasintha aike 15 ku kalasi yoyamba ndipo 17 aisungire yachiwiri, ngakhale kuti miyezi yoyamba azioneka wofooka pakati pa ankhondo anzake. Ambiri amaika 17 pa Strength chifukwa cha chisangalalo cha tsiku loyamba, n'kudzazindikira pa levulo 6 kuti khomo anadzitsekera okha.

Chimene mumanyamula ndi chimene mumasiya

Tsiku losintha mumasunga HP (mapointi a moyo) yanu yonse. Zina zonse zimayambira pa levulo 1 ya kalasi yatsopano ndi XP 0: tchati chomenyera, saving throw (kuponya dayisi kodzipulumutsira ku poizoni, matsenga ndi zina zotero), zida zololedwa, zovala zankhondo zololedwa. Kalasi yakale imauma pamene ili mpaka kalekale. HP yatsopano simulandira kufikira levulo ya kalasi yatsopano itapitirira ya yakale. Kufanana sikukwanira, iyenera kupitirira. Wankhondo wa levulo 7 amamasuka (kuyambanso kulandira HP ndi kugwiritsa ntchito luso lakale mwaufulu) pa levulo 8 ya matsenga, ndipo d4 yake yoyamba amaiponya pomwepo.

Luso lakale silinafufutike, ndipo apa ndi pamene osewera pa kompyuta amalakwitsa. Baldur's Gate ya 1998 imatseka luso lakale kotheratu kufikira mutapitirira levulo ija. Patebulo sizili choncho. Lupanga mukhoza kulisolola, koma pali chindapusa. M'buku la 1978, kugwiritsa ntchito luso lakale ngakhale kamodzi kumakuluzitsani XP yonse ya ulendo umenewo. M'buku la 1989 mumaluza XP yonse ya nkhondo imeneyo ndi theka la XP ya ulendo wonse. Chindapusacho sichigwera lupanga lokha. Kuvala zachitsulo muli wamatsenga, kuponya saving throw pa tchati chakale, kutsegula loko ndi luso la umbala, zonsezo ndi kugwiritsa ntchito kalasi yakale.

Taonani mmene zimakhalira pamanambala. Wankhondo wa levulo 7 ali ndi THAC0 (nambala yofunika pa d20 kuti amenye mdani wa AC 0) 14 ndipo amamenya katatu m'maraundi awiri. AC ndi nambala ya chitetezo, ikatsika mdani amavuta kumenya. Mdani wa AC 5 amamumenya akaponya 9, ndiye kuti maulendo 60 pa 100. Atasanduka wamatsenga wa levulo 1, THAC0 yake ndi 20, afunika 15, maulendo 30 pa 100, kamodzi pa raundi, ndi mpeni kapena ndodo. Saving throw ya poizoni inali 10, tsopano ndi 14, kutsika kuchoka pa 55 kufika pa 35 pa 100. Saving throw imeneyi ndiyo imapha anthu osintha, osati THAC0, chifukwa poizoni wa m'mabuku akale nthawi zambiri safunsa kuti muli ndi HP ingati. Chotonthoza n'chakuti wamatsenga wamba wa levulo 1 ali ndi HP ya pakati pa 1 ndi 4, pamene wanuyo wanyamula pafupifupi 38 ngakhale popanda bonasi ya Constitution.

Levulo yosinthira

Matchati a XP amawirikiza m'malevulo oyamba, ndipo n'chifukwa chake kusintha sikudula ngati mmene kumamvekera. M'buku la 1989 wankhondo amafika levulo 7 pa XP 64,000, levulo 8 pa 125,000, levulo 9 pa 250,000. Wamatsenga amafika levulo 6 pa 40,000, levulo 8 pa 90,000, levulo 9 pa 135,000, levulo 10 pa 250,000. Tiyerekeze ankhondo awiri onse ali pa 64,000, mmodzi n'kusintha. Aliyense akadzawonjezera 90,000, wosasinthayo ali pa 154,000, levulo 8. Wosinthayo ndi wankhondo wa levulo 7 komanso wamatsenga wa levulo 8, ali ndi matsenga ofika gawo lachinayi (matsenga amaikidwa m'magawo malinga ndi mphamvu yake). Mnzakeyo wangomuposa ndi levulo imodzi ya unkhondo. Poyerekeza ndi wamatsenga wamba wa levulo 8, amene amakhala ndi HP pafupifupi 20, iye ali ndi pafupifupi 41.

Papepala ndi malonda abwino kwambiri. Tsopano tengani kalendala. Funsani DM kuti m'masiku osewera asanu apitawa aliyense walandira XP ingati, mupeze ya tsiku limodzi. Tinene kuti ndi 3,000. XP 90,000 ndi masiku 30. Gulu lokumana sabata iliyonse lidzatenga miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Gulu lokumana kawiri pamwezi, chifukwa wina amachokera ku Highfield, wina ku Epworth, wina amagwira ntchito Loweruka lina, lidzatenga miyezi 15, osawerengera December pamene theka la tebulo lapita kumudzi kapena ku Johannesburg. Dzifunseni moona mtima ngati gulu lanu lidzakhala likadalipo nthawi imeneyo. Sewero likatha muli wamatsenga wa levulo 5 wosaloledwa kugwira lupanga, mwalipira mtengo wonse koma katundu simunamulandire.

Levulo 7 ndi yabwino kwa wankhondo chifukwa ndi pamene amayamba kumenya katatu m'maraundi awiri, m'mabuku onse awiri. Levulo 8 ndi msampha. Mumalipira 61,000 yowonjezera kuti mupeze d10 imodzi ndi THAC0 13, kenako mufunika 135,000 kuti mumasuke, zonse pamodzi 260,000 m'malo mwa 154,000. Levulo 9 imapereka d10 yomaliza ya wankhondo ndi ufulu wosonkhanitsa asilikali akamanga linga, koma zonse pamodzi ndi 500,000. Ena amalota levulo 13, pamene wankhondo amamenya kawiri pa raundi. Imafuna 1,250,000, ndipo wamatsenga wa levulo 14 amafuna 1,500,000. Zimenezo ndi za pa kompyuta, kumene munthu amasewera usiku wonse yekha. Tebulo la anthu odikira kombi lizisiye.

Kusintha msanga kumanyozedwa pachabe. Wankhondo wa levulo 3 wawononga XP 4,000 yokha, wanyamula HP pafupifupi 16, ndipo amamasuka pa levulo 4 ya matsenga, XP 10,000. Sadzakhala katswiri wa lupanga, koma ndi wamatsenga wosafa ndi muvi umodzi, wotha kugwira uta matsenga akamuthera. Kwa gulu losadziwika ngati lifika chaka chamawa, njira imeneyi ndiyo timaikonda.

Mbala ili ndi masamu akeake. M'buku la 1989 imalandira mapointi 60 pa levulo 1, osapitirira 30 pa luso limodzi, kenako 30 levulo iliyonse, osapitirira 15 pa luso limodzi. Kutsegula maloko kumayambira pa 10 pa 100, kupeza ndi kuchotsa misampha pa 5. Mukathira mapointi onse pa maluso awiriwa, pa levulo 5 onse afika 95, ndipo 95 ndiye denga. Levulo 5 imadula XP 10,000 yokha, imachulukitsa katatu mabala a kubaya mdani kumbuyo, ndipo wamatsenga wa levulo 6 amafuna 40,000. Ndi 50,000 muli ndi wamatsenga wosavutika ndi chitseko chilichonse. Vuto ndi la gulu: m'miyezi yodikirayo ndani azifufuza misampha? Ngati palibe mbala ina, anzanu adzakukakamizani chitseko chilichonse, ndipo theka la XP yanu lizipita ulendo ndi ulendo.

Njira yosawawa kwambiri ndi ya wankhondo kupita ku unsembe. Wansembe amaloledwa zovala zachitsulo zonse ndi chishango, ndiye AC yanu siisintha. Mumangoika lupanga pansi n'kutenga chibonga. Saving throw ya poizoni ya wansembe wa levulo 1 ndi 10, yofanana ndi ya wankhondo wa levulo 7. Wisdom 17 imakupatsani mapemphero awiri owonjezera a gawo loyamba, choncho tsiku loyamba lomwe muli ndi atatu, ndipo gulu lapeza wochiritsa wolimba. Levulo 8 ya unsembe ndi 110,000, yokwera kuposa ya matsenga, koma simuimva kutalika chifukwa muli ndi ntchito tsiku lililonse.

Njira yobwerera chammbuyo, kuchoka ku matsenga kupita ku unkhondo, muipewe. Wamatsenga wa levulo 5 ali ndi HP pafupifupi 12, ndipo adzakhala ndi 12 yomweyo kufikira levulo 6 ya unkhondo, XP 32,000, ataima kutsogolo kwa mzere. Yambani ndi kalasi ya dayisi yaikulu, d10 kapena d8, mutsirizire ku yaing'ono.

Ndalama ndi mphunzitsi

Osewera mabuku a Gygax ali ndi ngongole ina imene ambiri saiwerengera. Dungeon Masters Guide ya 1979 imafuna maphunziro pokwera levulo iliyonse: ndalama zagolide 1,500 kuchulukitsa ndi levulo imene muli, pa sabata, kwa sabata imodzi mpaka zinayi kutengera mmene DM waonera kasewero kanu. Kuchoka pa levulo 1 kufika pa 8 ndi maphunziro asanu ndi awiri. Pa sabata imodzi imodzi ndi 42,000, pa masabata anayi anayi ndi 168,000. Buku lomwelo silikulolani kuwonjezera XP mukafika pa malire a levulo yotsatira kufikira mutaphunzira, ndiye ngakhale gulu litapeza chuma chochuluka bwanji, simulumpha malevulo awiri nthawi imodzi. Muyenera kubwerera kutauni kasanu ndi kawiri. Ngati gulu lili pakati pa ulendo wautali pansi pa nthaka kumene kulibe mphunzitsi, dikirani lituluke musanasinthe. Ndalama za maphunziro atatu oyamba, 9,000 pa sabata imodzi imodzi, muzisunge mukadali wankhondo, ndipo zovala zachitsulo musagulitse kuti mulipirire sukulu. Mudzazifuna.

Wamatsenga watsopano afunikanso buku la matsenga ndi womuphunzitsa. M'buku la 1979 amayamba ndi Read Magic ndi matsenga ena atatu osankhidwa ndi dayisi. Intelligence 17 imapereka mwayi wa 75 pa 100 wophunzira tsenga lililonse, ndi malire a matsenga 14 pa gawo. Mipukutu ya matsenga imene gulu likupeza mukadali wankhondo musaigulitse, ndipo mugwirizane ndi wamatsenga wa gulu kuti adzakulolani kukopera m'buku lake. DM wanzeru amaika mphunzitsiyo m'nkhani miyezi ingapo kusintha kusanachitike, kuti wankhondo asadzuke tsiku lina akuwerenga zilembo zachilendo popanda chifukwa.

Kulemba pepala

Pepala lakale musafufute. Lijambuleni ndi foni, mulitumize ku gulu la WhatsApp la tebulo lanu, kenako mulipinde n'kuliika m'envulopu imene DM asunge. Tengani pepala latsopano. Kopelani mphamvu zisanu ndi imodzi zija, HP, zilankhulo ndi katundu. Lembani kalasi yatsopano, levulo 1, XP 0, ndi THAC0 ndi saving throw za kalasi yatsopano zokha. Pamwamba penipeni lembani ndi inki nambala yomasukira, mwachitsanzo levulo 8, XP 90,000. Katundu mumugawe pawiri, wololedwa tsopano ndi wa m'thumba.

Envulopu ija si mwambo chabe. Manambala akale akakhala papepala lomwelo, wosewera amaponya 11 pa saving throw, diso n'kugwera pa 10 yakale, n'kunena kuti wapulumuka mosafuna kubera. Zimachitika kwambiri madzulo magetsi atazima anthu akuwerenga ndi tochi ya foni. Envulopu ikakhala kwa DM, wofuna luso lakale amaipempha pakamwa aliyense akumva, asanaponye dayisi, ndipo chindapusa chimalembedwa nthawi yomweyo. Kupempha mutaona kale dayisi kusaloledwe.

M'miyezi yodikira

Malo anu pamzere asintha. Simulinso kutsogolo, koma ndi HP 38 simuyeneranso kubisala pakati ngati wamatsenga wamba. Imani kumapeto kwa mzere, kumene adani ozembera amafikira, kapena pafupi ndi wamatsenga weniweni kuti mivi ina igwere inu. Gulu lipeze wolowa m'malo mwanu kutsogolo musanasinthe, kaya wosewera wina kaya msilikali waganyu. Kulephera kuchita zimenezi ndiko kumagwetsa magulu ambiri: mzere wakutsogolo umang'ambika pa nkhondo yoyamba, aliyense n'kukuwa kuti sololani lupanga.

Pa levulo 1 muli ndi tsenga limodzi patsiku. Sleep, tsenga logoneka adani, imathandiza pa tiadani tambirimbiri, koma gulu la levulo 7 limakumana ndi zilombo zoposa mphamvu ya Sleep, ndiye sankhani matsenga osadalira levulo yanu kwenikweni, monga Detect Magic, Charm Person kapena Feather Fall. Ndodo zamatsenga ndi mipukutu zimene wamatsenga wa gulu sakuzigwiritsa ntchito zibwere kwa inu, poti tsopano mukuloledwa. Malevulo anayi oyamba amathamanga: 2,500, 5,000, 10,000, 20,000. Kudikira kwenikweni kuli pakati pa 40,000 ndi 90,000, ndipo pamenepo mudzakhala muli kale ndi Fireball, imene imabwera pa levulo 5.

Nanga envulopu muitsegule liti? M'buku la 1989 werengerani motere. Ngati ulendo ukupatsani 6,000, kutsegula kukudyerani 3,000 ndi ya nkhondo imeneyo. Imfa ya mnzanu wa levulo 7 ndi yodula kuposa pamenepo. Tsegulani pamene wina afa mukapanda kutero, osati pamene nkhondo yangotalika. Ndipo musaganize kuti mukatsegula kamodzi ulendo wonse waulere. Nkhondo iliyonse imene mwasolola lupanga imapitanso yonse.

Mukamasuka

Mukapitirira levulo yakale, chindapusa chimatha, envulopu imatsegulidwa, ndipo mumasankha nambala yabwino pa matchati awiriwo. Malamulo a kalasi iliyonse pa ntchito yake akadalipo. Simuponya matsenga muli m'zovala zachitsulo. Maluso ambiri a umbala safuna chovala cholemera kuposa chachikopa. Choncho m'mawa uliwonse mumasankha kuti lero ndinu ndani, chifukwa kuvula zachitsulo pakati pa nkhondo kumatenga maraundi amene mulibe. Ambiri amathera pa kusavala zachitsulo, kudalira zibangili zoteteza ndi matsenga, lupanga lili m'chiuno. XP yonse ipitirira kulowa ku kalasi yatsopano yokha.

Zoti mugwirizane lisanafike tsikulo

Pali mfundo zimene magulu amaziwerenga mosiyana, ndipo kukangana pakati pa nkhondo kumaononga tsiku lonse. DM alembe mayankho pa gulu la WhatsApp kusintha kusanachitike.

Choyamba ndi tanthauzo la ulendo. M'buku la 1978 chindapusa ndi XP ya ulendo wonse, ndiye ngati ulendo ndi tsiku limodzi losewera, chindapusa n'chopiririka, koma ngati ndi nkhani yonse ya miyezi iwiri, n'chankhanza. Ife timawerenga kuyambira potuluka m'tauni kufikira pobwerera ndi chuma. Chachiwiri ndi Strength ya 18 yokhala ndi manambala owonjezera, monga 18/76, imene ndi ya ankhondo okha: kodi minofu imeneyo ndi luso la kalasi kapena ndi thupi? Ife timati ndi thupi, ndipo kunyamula katundu kapena kuthyola chitseko sikulipiritsidwa. Chachitatu ndi ukatswiri wa chida chimodzi, umene buku la 1989 limapereka kwa wankhondo wa kalasi imodzi: ukhale m'envulopu, udzabwerere pomasuka, koma usakulenso. Chachinayi ndi Constitution 17 kapena 18, imene imapatsa ankhondo +3 kapena +4 pomwe ena amalekera pa +2. D4 ya wamatsenga ilandire +2.

Palinso zilombo zoyamwa malevulo, wight imodzi, spectre ndi vampire awiri. Buku la 1989 limachotsa ku kalasi ya levulo yapamwamba. Wamatsenga wa levulo 8 amene wangomasuka akakhudzidwa n'kutsika pa 7, kodi chindapusa chabwerera? Yankhani pasadakhale. Kubwezera munthu m'envulopu atadikira chaka kumathamangitsa wosewera patebulo, ndipo ife sitichita.

Kusintha kwina sikufunsa chilolezo. Paladin wochita choipa mwadala amasanduka wankhondo wamba mpaka kalekale, ndipo ranger wosiya ubwino zimamuchitikira chimodzimodzi. Kumeneko kulibe 17, kulibe kudikira, n'kutaya basi.

Bard wa 1978, wobisika mu Appendix II ya Players Handbook, ndi njira ya makalasi atatu otsatizana yolembedwa mwadongosolo, ndipo half-elf amaloledwa. Pafunika 15 pa Strength, Wisdom, Dexterity ndi Charisma, 12 pa Intelligence ndi 10 pa Constitution. Amayamba wankhondo, kusintha kukhala mbala atafika levulo 5 koma asanafike 8, kenako atakwera ku umbala kufika levulo 5 kapena kupitirirapo pang'ono amakaphunzira kwa ma druid. Wophonya malire oyambawo, amene wangokondwa n'kulandira levulo 8 ya unkhondo, sadzakhalanso bard.

Kwa wosewera wopanda 17 uja, amene ndiye ambiri, pali njira ziwiri zosathyola sewero. DM angabwereke lamulo la 1974 n'kutsitsa malire kufika pa 16, bola likhale la aliyense patebulo, osati la mmodzi. Kapena wankhondoyo alembe wamatsenga wa levulo 1 kukhala womutsatira wake wokhazikika. Womutsatira wotere m'buku la 1979 amalandira theka la XP, amakwera msanga m'malevulo oyamba chifukwa akuyenda ndi akuluakulu, ndipo wosewera yemweyo angamuyendetse pa nkhondo. Mnyamatayo akafika levulo 5, wankhondo angapume kukamanga linga lake, wosewerayo n'kutenga pepala la wamatsenga, mzere wakutsogolo wa gulu usanang'ambikepo tsiku ndi limodzi lomwe.